Aphunzitsi Atsogola

Alamu anga ndi osoka nsapato. Amakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa mulu wa nsapato zopanda zinzake, ndipo anthu timawatcha Akalembera. Sukulu tonse awiri tinaithawa tisanadziwe kugawa, koma iwo manambala anawakonda atakula, n'kusankha oipa: a anthu akufa.

Zinayamba chaka chimene mlongo wanga, mkazi wawo, anatisiya. Kuchokera pamenepo, wailesi ikamalengeza kuti m'boma lililonse mwamwalira anthu angati chaka chathachi, alamu amabaya singano pachidendene cha nsapato, n'kukweza wailesiyo mpaka agalu kuthawa. Maboma amawandandalika ngati matimu a mpira. Ukabwera ndi nsapato yong'ambika, amayamba akufunsa kwanu.

"Kumeneko? Mwakwera chaka chino. Muzimwa madzi owiritsa."

Ine ndimawaputa. "Alamu, inu mukadzafa mudzadzuka kuti muone ngati akuwerengani bwino."

Saseka. Mwana ali naye mmodzi yekha, mphwanga wamkazi, mphunzitsi, ndipo ntchito inamuponya kuboma la kumapiri, lomwe silichoka pamwamba. Akhala akumuchonderera kuti apemphe kusamuka, iye n'kumangoti, "Ababa, kuno anthu amabadwanso."

Chaka chino ndinali pomwepo, phazi limodzi lili pakatoni, ndikudikira nsapato yanga. Wolengeza anati boma la kumapiri latsogolanso, ndipo latsogola patali. Alamu anaimba foni ya mwana. Yozima. Anaimbanso. Yozima. Ndiye anaimbira mayi eninyumba imene mwanayo amachita lendi, mayi olankhula ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. Ndinamva zonse.

"Aphunzitsi? Iii bambo, simunamve? Atsogola m'mawa uno."

"Atani?"

"Atsogola! Sabata yonseyi anali ofooka. Katundu wawo tibweretsa ndife pa lole. Ife tili pambuyo."

Foni inaduka. Alamu anatsetsereka pampando n'kukhala pasimenti, chitini cha guluu chikutayikira pathalauza osachiona.

"Mlamu," anatero, "m'nambala ija muli mwana wanga?"

"Ayi, imeneyo ndi ya chaka chatha."

Pakamwa pangapa pamatuluka zopusa ngakhale pamaliro. Ndinayamba kulongedza zida zawo m'bokosi, ndikuganiza kuti achibale ndiyambira kuuza ndani. Ndili mkati momanga, basi inaima tsidya la msewu. Munatsika mtsikana atavala juzi dzuwa likuswa mtengo, kachikwama kali m'manja.

"Ababa, mwakhaliranji pansi? Amalume, nsapato ina ili kuti?"

Alamu anamugwira mkono, kuufinya ngati akuyesa chikopa.

"Akuti watsogola."

"Eya, ndatsogola. Lole ikubwera mawa. Foni yatha moto."

Ndinaseka mpaka mwini sitolo anatuluka. Ndinati sindinaonepo mzukwa wolipira basi. Mphwanga naye anayamba kuseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa, chachitali, chouma, mpaka anagwira chipilala cha khonde. Apa m'pamene ndinaona kuti juzi ija yamukulira.

"Kuchipatala cha kumeneko akuti ndibwere ku chachikulu kuno, andiunike m'chifuwa," anatero atapuma.

Wailesi inali ikuwerengabe maboma otsala. Lathu linali lisanatchulidwe. Alamu anaiyang'ana, anayang'ana mwana, n'kuizimitsa.

"Mlamu, thamanga ukaitane galimoto."

Ndinathamanga ndi nsapato imodzi. Inzake ikadali pakhonde paja, singano ili chibayire.