Mbiya Imene Ndinatsuka

Ndinakwatiwa ku Chikwa ndili namwino wochokera m'tauni. Ine ndikaona chinthu chakuda manja amandiyabwa, ndipo khalidwe limeneli ndi limene linandipalamulitsa.

Apongozi anga aakazi ankafulula mowa wa mapira wowawasa bwino, uja umakoka masaya koma osapweteka m'mimba. Phala likazizira ankalithira chimera n'kulisiya m'mbiya yakale ya kuseri kwa nkhokwe, pofika tsiku lachitatu lawawasa. Mbiyayo sankaikwecha, ankangoitsukuluza n'kuivundikira. Palibe anandiuza chifukwa chake, nanenso sindinafunse.

Apongozi aakaziwo atamwalira m'chipatala ku boma, apongozi aamuna anayamba kufooka. Titakolola anapempha chinthu chimodzi chokha: alaweko mowa wa m'mbiya ya akazi awo asanawatsatire. Ine, pofuna kuoneka mtengwa wachangu, ndinaitulutsa mbiya ija. M'kati munali zokakamira zakuda bii. Ndinaikwecha ndi mchenga, ndi sopo, kenaka ndi mankhwala aja timakolopera kuchipatala. Ndinaiyanika padzuwa ndikudzitama mumtima.

Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, ataiona anagwira pakamwa.

"Mwachita chiyani, mulamu? Manje chowawasitsa mowa chichoka kuti? Chinali mu zakuda zija."

Ndinayankha mwamwano kuti zakudazo n'zimene zimatidzazira odwala. Iye sanakangane nane, anangopita kukasinja chimera.

Tsiku lachitatu phala linali lotsekemera ngati thobwa. Tsiku lachisanu linachita nkhungu, tinalitaya. Ulendo wachiwiri ndinathiramo bwemba, wachitatu malambe. Kuwawasa kunabwera, koma kwa pamwamba pa lilime, kwa zakumwa za ana. Amuna anga anawerenga pafoni kuti ku Belgium nakonso mowa wowawasa amausunga m'migolo yakale chifukwa tizilombo towawasitsa timakhala m'matabwa mwake. Ndinawakalipira kuti foniyo inali kuti tsiku lija, kenaka ndinakalira kubafa. Kupha tizilombo ndinaphunzira zaka zitatu. Kutiitana kuti tibwerere palibe anandiphunzitsa.

Potsiriza tinakapempha masese kwa mayi wina wofulula wa kutsidya kwa dambo, tinapaka m'mbiya monse. Mowa unawawasa ndithu. Apa n'kuti apongozi sakudzukanso pamphasa, mapira otsala m'nkhokwe osakwananso kufulula.

Ndinagwada pakhomo ndi chipanda, mlamu anawatsamiritsa kukhoma. Analawa, anausunga m'kamwa, anameza.

"Uyu ni wa kutsidya," anatero. Sanakwiye. "Bweretsani mbiya yeneyo, mama. Ningoinunkhizako."

"Adada, ndi yolemera," ndinatero, ngati kuti vuto linali limenelo.

"Bweretsani."

Tinakhuthulira mowa mu ndowa, mbiyayo tinainyamula awiri, ine ndi mlamu. Analowetsa nkhope m'kamwa mwa mbiya nthawi yaitali. Ndinkapemphera kuti dongo likhale litasungako kanthu, ngakhale pang'ono. Atadzutsa mutu anayang'ana mwana wawo wamkaziyo, osati ine.

"Pansi pake pakumveka fungo lija la ku wodi, kumene tinawasiya amayi ako."

Anamwalira mvula isanagwe. Mpaka lero m'banjamo palibe ananditchulirapo nkhaniyi, ndipo bola akanandinyoza. Mbiya ili kuseri kwa nkhokwe, yovundikira. Ndimaidutsa m'mawa uliwonse popita kuntchito, m'manja mwanga mukununkha sopo.