Nyimbo ya Mai Belmira pa Maliro a Gonjetso

Mai Belmira anafika m'dera la Kanduku ali mtsikana, pothawa nkhondo ya kwawo ku Mozambique, ndipo nkhondoyo itatha sanabwererenso. Anakwatiwa komweko, nabereka mwana mmodzi yekha, Gonjetso. Amuna awo atamwalira, anamulera mwanayo ndi malonda a manachesi pa malire a Mwanza. Kutchalitchi sankajomba. Ndiwo ankasesamo, ndiwonso ankayambitsa nyimbo pa maliro a anzawo, pakuti mawu awo ankamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Gonjetso anakula ndi luso lomata matayala a mathiraki, koma kachasu anamugwira. Akuluampingo anamuitana ku bwalo lawo, namudula mumpingo. Tsiku limenelo mkulu wa mpingo, a Stafford, anati: "Mulungu anapatsa munthu aliyense ufulu wosankha. Mnyamatayu wasankha yekha." Kuyambira pamenepo, palibe wa mpingo amene anapondanso pakhomo pake. Amayi ake ndiwo ankamutola m'ngalande, kumusambitsa ndi kumupempherera.

Chaka chatha chiwindi chinamugonetsa pamphasa, ndipo anamwalira. Tsono lamulo la mpingo wawo ndi lakuti wodulidwa sayimbiridwa: bokosi limatuluka mwakachetechete mpaka kumanda. Mai Belmira, amene anayimbira akufa a mudzi wonse, sanathe kulimeza limenelo. Anatuluka m'nyumba ya siwa, napita pamene panakhala abambo, nagwada pamaso pa a Stafford.

"Bambo, ndapota nanu, nyimbo imodzi yokha. Masiku ake omaliza ankandipempha kuti ndizimuyimbira, misozi ili mbwembwembwe."

"Limbani mtima, mayi," anayankha a Stafford mofatsa. "Mulungu anadziwiratu amene ali ake dziko lisanalengedwe. Zinalembedwa. Nyimbo yathu singasinthe kanthu."

Apo m'pamene mtima wa Mai Belmira unaphulika. Anadzuka pomwe anagwadapo, naimirira pamaso pa abambo onse.

"Zinalembedwa! Tsiku munkamudula munati wasankha yekha. Lero mukuti zinalembedwa. Ali moyo mlandu unali wake, wafa mlandu wasanduka wa Mulungu. Nanga wanu udzafika liti, inu amene simunabwere kudzamuzonda ngakhale kamodzi?"

"Mayi, pali anthu pano."

"Amve! Inenso ndinkadziwa. Akangoweruka n'kusamba m'manja pa malire paja, ndinkadziwa kumene akulowera. Kodi kudziwa kwangako ndiko kunkamuthira kachasu m'kamwa? Ndipo kodi ndinakhala pansi n'kumati ndadziwa kale? Ndinkamutsata! Ngati ine wochimwa ndinkatsata mwana wanga, mukufuna kundiuza kuti Mulungu anangopinda manja? Zolembedwazo munaziwerenga liti, a Stafford? Anakuitanani kumwamba kuti mukasuzumire?"

A Stafford anapukuta kumaso ndi mpango. Sanali munthu wankhanza, koma lamulo ankaliopa koposa misozi. "Lamulo si langa, mayi, ndi la mpingo. Tikamuyimbira uyu, mawa anyamata onse adzati kumwa kulibe kanthu."

"Ndiye mukufuna kuopseza amoyo ndi mtembo wa mwana wanga? Chabwino. Sungani lamulo lanu."

Mai Belmira anabwerera m'nyumba. Bokosi litanyamulidwa, anthu anayamba kuyenda chete, kumangomveka mapazi okha. Mayi wofedwa amayenda chogwiriziridwa ndi anzake, sayambitsa nyimbo. Koma Mai Belmira anakankha manja amene anawagwira, nakweza mawu. Inali nyimbo ya mpingo womwewo, imene ankamuyimbira Gonjetso pamphasa paja. Mawu anali osasa, odzaza ndi ukali, ndipo anayimba okha mpaka kupitirira mitengo ya manachesi. Kenaka Mai Esime, mnzawo wosesa naye m'tchalitchi, anavomera chapansipansi. Ena anatsatira, ena anaweramitsa nkhope. A Stafford anayenda kumbuyo, pakamwa ali chitsekere, koma kumanda anafika.

Sabata yotsatira akuluampingo anawaitana Mai Belmira ku bwalo lomwe lija. Pofuna kuwapeputsira mlandu, a Stafford anati mwina chinali chisoni chimene chinawasokoneza mutu.

"Ayi, bambo, mutu wanga unali bwinobwino," anatero iwo. "Izi zokha musamunamizire Mulungu. Ndinasankha ndekha."

Akuluampingo anawaimitsa mgonero kwa kanthawi. Mai Belmira manachesi akugulitsabe pa malire, ndipo Loweruka lililonse amasesabe m'tchalitchimo, ngakhale kuti a Stafford akamadutsa, tsache limalira kwambiri.