Dokotala Amene Anagwa ndi Ndeke

Chaka cha 1998 ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu. Salaula, zovala zogwiritsidwa kale ntchito zochokera kunja, inali itadzaza misika, nsalu zathu zinaleka kugulidwa, ndipo fakitale imene ndinalowamo ndili mnyamata inandiuza kuti ndizipita. Ndinkayendetsa makina owomba nsalu. Palibe kapitawo amene anandikalipirapo.

Nditayamba kuswera panyumba ndinaona zimene zinkachitika ku Estates, dera la ku Kafue kumene tinkakhala, amuna tikachoka. Akatha kudya nshima masana, azimayi a mzere wathu ankadzaza pabalaza panga kuonera sewero la azungu pa TV. Munali dokotala wandevu amene anagwa ndi ndeke m'nyanja, mtembo osapezeka, ndi mkazi wake amene ankakana kukwatiwanso. Mkazi wanga ankamuikira kumbuyo mayiyo ngati mng'ono wake.

"Mukulirira anthu olipidwa kuti aziname?" ndinatero tsiku lina.

"Nanga imwe akukulipirani ndani kukhala pakhonde?" anayankha. Azimayi anaseka. Ndinatuluka.

Nyengo yozizira mkazi wanga anadwala chifuwa, n'kugonekedwa m'chipatala. Sanapemphe malalanje. Anati, "Atate ake a ana, muzindionerako, muzidzandiuza. Ndikufuna ndimve ngati ba dokota abwera."

Ndinaonera. Ine pampando wanga, azimayi pamphasa, palibe wondilankhula. Chizungu cha anthu aja chinali chothamanga, ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho ndinkayang'ana nkhope. Sewero likatha ndinkavala jekete n'kuyenda wapansi kuti nthawi yoona odwala indipeze ndafika. Ndinkafotokoza monga ndinkachitira kuntchito, mwachidule, osawonjezera.

"Lero?"

"Sanabwere. Mlamu wake wabweretsa maluwa."

"Ng'ona ija! Walandira?"

"Wawataya."

"Ehee." Akatero ankamwa phala lake lonse.

Mankhwala ena anafunika ogula kusitolo. TV inapita. Nyumba nayo inatsatira, ndinasamukira m'chipinda chimodzi ku Nangongwe. Kumeneko ndinkaonera m'kashopu kometera tsitsi, nditaima pakhomo, chipewa m'manja.

"Ba mudala, mwayamba liti kukonda za chikondi?" ankatero anyamata a m'kashopumo. Ine maso pa TV basi. Sanali a msinkhu wanga.

Tsiku lina chitseko cha m'seweromo chinatseguka, n'kulowa munthu wamfupi, wopanda ndevu. Mayi uja anakuwa dzina la dokotala, n'kumukumbatira. Ana ake nawonso. Palibe amene anafunsa kanthu. Ndinafunsa wometa kuti uyu ndi ndani.

"Ni ba dokota bamene, ba mudala. Uja woyamba anamuchosa nchito, baika wina. Ni mwamene bachitila."

Panjira ndinaganiza zongomuuza mkazi wanga kuti wabwera, basi. Koma ndinali ndisanamunamizepo chikwatirane chathu, ndipo sindikanayambira pabedi la chipatala.

"Lero?"

"Wabwera."

Anadzuka n'kukhala tsonga, zimene anali atalephera kwa masiku ambiri. "Wamoyo? Ndi ndevu zake?"

"Dzina ndi lomwelo. Munthu ndi wina. Woyamba anamuchotsa ntchito."

"Ndiye mkaziyo watani?"

"Wamulandira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinali nditavala jekete yanga ya kufakitale, yothetheka m'zigongono.

"Ine sindikanalandira wina," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

M'mawa mwake sanafunse za sewero. Phala analisiya. Sabata isanathe anamwalira.

Pamaliro amuna tinakhala panja, azimayi m'nyumba ndi kuseri kwake chifukwa chipindacho chinachepa. Masana nyimbo zinayamba kuzilala. Azimayi ena anali atazembera kunyumba ina imene inali ndi TV. Ndinadziwa. Sindinawadzudzule.

Kwa anthu a m'bokosi la TV lija chakufa chimabwera, chochotsedwa chimalowedwa m'malo, nyimbo n'kulira, mawa n'kupitiriza. Kuno ku Kafue ndinataya ntchito, TV, nyumba ndi mkazi. Zinayi.