Tizilombo Tofiira ta pa Viphya

Ndinanyamuka ku Embangweni Loweruka m'mamawa chifukwa cha funso la mwana wa Folomu 3. Ndinali nditaphunzitsa monyadira kuti m'madamu ozizira a pamwamba pa mapiri mumayandama tizilombo tating'onoting'ono, chakudya cha tiana ta nsomba, ndipo tina timafiira podziteteza ku dzuwa la kumtundako. Tiwonge, mtsikana wosameza mawu asanatafune, anakweza dzanja n'kufunsa ngati ineyo ndinationapo. Kalasi yonse inaseka. Ndinalonjeza kuti Lolemba ationa ndi maso awo, poti maikulosikopu imene tinabwereka kusukulu ina inali kubwerera kwawo Lachiwiri.

M'chikwama munali botolo ndi ukonde wanga. Ukondewo unali sokosi yaitali ya mayi a kunyumba, imene ndinaimangirira pa waya iwo ali kumsika.

Mpaka pa Jenda ndinakwera kagalimoto kodzaza matumba a chimanga, mwendo wanga wina uli pansi pa dengu la tomato. Pamenepo ndinagula mbatata yowotcha n'kulowa minibasi ya ku Mzuzu. Kondakitala anati zikwi zinayi. Nditadandaula anandiuza kuti ngati ndi zotsika mtengo ndikufuna, miyendo ndili nayo. Titadutsa Champhira mpweya unayamba kuluma, ndipo ndinakumbukira juzi imene ndinaikana kunyumba ponena kuti sindine nkhalamba.

Pa mphambano yolowera kunkhalango ya paini ndinakwera njinga yamoto. Wakabaza anandifunsa ngati ndikukawedza. Nditamufotokozera, anangoti, "Mbwenu mwayenda ulendo wonsewu kudzatunga madzi, adada?" Ndinanamizira kutsokomola fumbi.

Masana ndinafika padamu lina la pamwamba pa Viphya. Ndinavula nsapato, n'kulowa mpaka m'maondo. Madziwo anali ozizira ngati akukukwiyira. Ndinakoka sokosi ija uku ndi uko mano akugundana, ndinatsukuluzira zotsalira m'botolo, n'kuliloza kudzuwa. Tinalimo. Timadontho tofiira, tochepa kuposa njere ya mawere, tikudumpha tokha. Ine, bambo wa ana atatu amene ndakhala ndikujambula tizilomboti pa bolodi kuchokera m'buku, ndinaseka ndekha m'thengo, misozi ili lengelenge.

Pobwerera, chifunga chinali chitayamba kutsika. Pamphambano paja pali kanyumba ka tiyi ka mayi wina dzina lake NyaJere. Atandiona buluku litanyowa, anandikhazika pafupi ndi mbaula, nandipatsa tiyi ndi zitumbuwa. Botolo ndinaliika pa tebulo monga munthu amaikira chikho chimene wapambana. Kenaka ndinapempha kupita kuseri.

Nditabwerako, botolo linali mbee, likuwala.

"Adada, madzi aja anali ndi tizilombo," anatero mayiyo mokoma mtima. "Mlendo wanga sangachoke pano ndi madzi otero. Ndatsuka ndi sopo, ndakuthirirani a pamjigo, mukamwe bwino m'njira."

Ndinayang'ana pansi pamene anakhuthulira. Nkhuku inali pomwepo, ikujompha. Wakabaza anali atapita, dzuwa litapendeka, minibasi ikuimba kale belu pamsewu. Munthu wakuchitira zabwino sungamukalipire pakhomo pake. Ndinawomba m'manja, ine mwini, n'kuti, "Yewo chomene, amama." Anandiwonjezera chitumbuwa chimodzi chaulere poona kuti ndine waulemu.

Lolemba ndinafotokoza zonse m'kalasi, kuyambira sokosi mpaka nkhuku. Anyamata a kumbuyo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Dontho la madzi a m'botolo muja ndinaliikabe pa maikulosikopu, poganiza kuti mwina kamodzi kanapulumuka sopo. Tiwonge anasuzumira nthawi yaitali.

"Madzi abwino kwambiri, aphunzitsi," anatero.

Ndinamva manyazi, sindibisa. Koma belu litalira ena onse n'kutuluka, iye anatsalira. Anandifunsa kuti tinali tofiira motani, ndiponso ngati timadumpha chammbali kapena chokwera. Ndinamuyankha osatsegula buku, ndipo aka kanali koyamba. Kenaka anati malume ake amacheka matabwa kufupi ndi damu lomwelo, patchuthi akupita kumeneko, ndiye ngati sindikuugwiritsa ntchito ukonde uja ndimubwereke.

Ndinamupatsa, n'kumulangiza kuti botolo asalisiye pa tebulo la munthu wabwino aliyense. Mayi a kunyumba mpaka lero akufunafuna inzake ya sokosi ija.