Msonkhano wa Zidole pa Esiteti

Anandipeza Lachiwiri m'mawa, mu Febuluwale, ndikusoka fodya ndi amayi m'chigafa. Anali alonda awiri a pa esiteti. Mmodzi anandiloza ndi foni kunkhope, foni nkulira.

"Ndi yemweyu. Tiye, mfana."

Bambo anga ndi tenanti pa esiteti ina ya kumalire kwa Mchinji. Mwini wake sitinamuonepo. Akuti dziko la kwawo mayiko ena analitsekera malonda chifukwa boma lake limazunza anthu. Makamera amene boma limenelo limasakira otsutsa ndi omwe anatimangira pamitengo. Amadziwa nkhope ya aliyense, ndipo anthu akangoima oposa asanu amatumiza okha uthenga kwa mwiniyo kuti kukukonzedwa sitalaka. Ngakhale kwaya inasiya kukumana.

Ine zinandiyabwa. Ndinatola makadi akale a matenanti kudzala, nkukakulitsa zithunzi zake ku Boma, nkuzimata pa zidole za udzu. Chimodzi ndinachiveka jekete la kutchalitchi la bambo. Chachisanu ndi chiwiri ndinachipatsa nkhope ya amanijala, yodula pa kalendala, nkuchikhazika pampando pakati. Zonse ndinaziyang'anitsa kamera ya kumtsinje. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, osadziwa kuti kamerayo yandijambula nanenso.

Alonda aja ananditsekera m'kontena ya feteleza. Pofika masana chitsulo chinali chosagwirika. Amanijala anabwera ndi pepala la mayina asanu ndi limodzi, loyamba la bambo. Anati ndisaine kuti anthuwa ankakonza sitalaka ine ndili wotumikira, ndipo Lachisanu mabanja onsewo achoke, fodya asiye. Ndinawauza za zidole. Alonda atapita kumtsinje anapeza udzu wokha, mapepala mbuzi zitadya.

"Makina sanama," anatero amanijala. "Amanama ndi anthu."

Lachitatu mlonda wamkulu analowa ndi payipi yothirira nazale. Sanabwere kudzathirira. Atatuluka ndinagona chafufumimba, ndipo ndinagona choncho sabata ziwiri zotsatira. Amayi anabwera ndi phala, anawabweza. Ndinangomva mawu awo kuseri kwa chitsulo, akunena kuti bambo ayamba kumanga katundu, ndipo kwathu ku Mulanje tilibe ngakhale mzere umodzi wolima. Tsiku limenelo sindinaseke. Ndinaganiza zosaina, koma dzina loyamba linali lomwelija.

Lachinayi, ludzu litandiuma pakhosi, ndinayamba kuwerenga zidole zanga pa zala. Zisanu ndi ziwiri. Mayina asanu ndi limodzi. Apo ndinadziwa kuti amanijala anadziona okha pachithunzi, ndipo ankadziwa bwino kuti kumtsinje sanapiteko. Ankangofuna pepala loti aphimbe nalo nkhope yawo. Atalowa ndinawafunsa ndi ulemu wonse:

"Bwana, nanga atcheya a msonkhanowo simunawalembe bwanji?"

Payipi inabweranso. Koma madzulo mlonda wamng'ono anandipatsa madzi mobisa, nkundinong'oneza kuti mwini esiteti waimba katatu. Makina anali atamutumizira nkhope zonse, ndipo sankafunsa za matenanti. Ankafunsa za wa pampando.

Lachisanu m'mawa anatsegula chitseko. Panja panali mtolo wa udzu, zithunzi zatsopano ndi mpando. Amanijala, maso pansi, anandilamula kuti ndipangenso zidolezo pamaso pa kamera, kuti bwana wawo aone yekha. Ndinagwira ntchito yabwino. Chidole chawo ndinachiwonjezera mimba.

Palibe banja linachoka. Bambo sanandikalipire. Anangondifunsa ngati nditha kukhala pansi, nditakana anaima nane.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti ufulu ndi kuyenda ndi kusonkhana momwe ufunira. Kuno timayendabe asanu asanu, kamera ikutitsatira. Msonkhano wokhawo umene unachitikapo pa esitetiyi mpaka kawiri, wachiwiri ndi chilolezo cha amanijala, ndi wa anthu anga a udzu. Akandifunsa ngati ndinalapa, ndimati chimandiwawa ndi jekete la bambo. Mbuzi zinadya kolala.