Mzere wa Tayala Lowonda

Njinga imeneyo ndinabwera nayo kuchokera ku Tete, kumene ndinagwira ntchito ya ukhukhi kwa mzungu wina wokonza misewu. Iye ankaikwera Lamlungu lokha, atavala kabudula wothina, kukathamangitsana ndi anzake mpaka kufiira nkhope. Tsiku lobwerera kwawo anandisiyira, mwina chifukwa inasowa malo pakati pa mabokosi ake. Ine ndinathokoza mpaka kugwada, ndipo nthawi imeneyo ndinkadziona kuti ndine munthu wamwayi m'Tete monse.

Inali njinga ya mpikisano. Unkatha kuinyamula ndi zala ziwiri. Mahandulo ake anali opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, matayala owonda osaposa chala, ndipo kumbuyo kunali magiya asanu. Kaliyala panalibe, belu panalibe. Mwini wake anali wamtali, ine ndine wamfupi, choncho masabata oyamba ndinkangolimbana nayo kuti indikwane. Ndinatsitsa chishalo mpaka kumapeto koma zala za kuphazi zinkangokhudza mapedulo. Ndinapita kugalaji kukadulitsa chitsulo cha chishalocho. Mahandulo ndinawakweza pang'ono kuti msana usamapweteke, n'kuwakulunga ndi timizere ta kamara wakale, ujayu ena amati chubu. Pa mapedulo ndinasokera timalamba ta chikopa cha mbuzi kuti phazi lisamaterereke. Itandikwana, ndinkaimva ngati mbali ya thupi langa, ndipo ndivomere kuti ndinkaikonda kuposa mmene munthu ayenera kukondera chitsulo.

Ndinali nditakwatira ku Chipera, ndipo monga mwa mwambo ndinkakhala kwa akazi anga, pachikamwini. Tsiku limene ndinafika nayo, mudzi wonse unatuluka. Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, anaizungulira kawiri n'kufunsa kuti thumba la chimanga limakhala pati. Apongozi sakanatha kulankhula nane maso ndi maso, ndiye anatuma mwana wawo kuti adzandiuze kuti mkamwini wabwera ndi mafupa a njinga, nyama yake anadya kale azungu. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinapsa mtima, ndipo m'malo mowayankha ndinakwera n'kuthamanga mpaka kumtsinje, n'kubwerako iwo asanamalize kuseka. Kuyambira pamenepo aliyense wonena za njingayo ndinkamuyesa wansanje.

Nkhondo inatipeza tili choncho. Poyamba inali nkhani yongomva, kuti anyamata a m'tchire adutsa usiku kumudzi wakuti, apempha ufa. Kenaka magalimoto a asilikali anachuluka mumsewu, ndipo boma linalamula kuti midzi yonse isamukire pamalo amodzi pafupi ndi posito, ofesi ya boma ya dera lathu, m'nyumba za mizere zozunguliridwa ndi waya. Wopezeka kunja kwa waya ankatengedwa kuti akudyetsa adani. Anthu ambiri anakana kusiya minda ndi ziweto zawo, anathawira kumapiri n'kumanga misasa pansi pa mitengo. Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, mimba yake yoyamba. Iye, amayi ake ndi alamu anapita kuphiri pamodzi ndi mabanja ena angapo.

Ine ndinatsala, ndipo chinanditsalitsa ndi njingayo. Shefi, mkulu wa boma wolamulira pa posito, anali ataiona kale, n'kundilemba ntchito yonyamula makalata kuchoka ku Chipera kupita ku Malowera, chifukwa magalimoto ankaopa mabomba okwirira mumsewu. Tinagwirizana ndi alamu kuti ndikathawa nane asilikali adzandisaka, bola ndikhale mkati mwa waya ndizibweretsa mchere ndi uthenga. Kwa shefi ndinanena kuti mkazi wanga anapita kwa abale ake kutsidya kwa malire.

Kuphiriko kunali lamulo limodzi, ndipo mwana aliyense ankalidziwa. Wopita kumisasa ankayenda pansi. Ankachoka mumsewu pamwala wa pamtsinje, osaponda dothi, ndipo pamene panalibe miyala, womalizira ankakoka nthambi kufufuta mapazi. Alamu anandiitanira pambali n'kundiuza kuti njinga yanga isadzayandikire phiri. Anati njinga zina zonse m'dziko muno zili ndi matayala ofanana, palibe angadziwe kuti wadutsa ndani, koma yanga imalemba dzina langa pansi. Mkazi wanga nayenso anandipempha kuti ndikasinthitse mawilo. Ku Malowera kunali mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo anali atandiuza kuti atha kundiikira malimu okulirapo ndi matayala wamba. Ndinakana. Ndinati imeneyo idzasanduka ngolo, ndipo ine sindinavutike kudula zitsulo kuti ndizikwera ngolo.

M'malo mwake ndinachita zosiyana. Matayala akale anali atatha, kamara akusuzumira m'malo awiri, ndipo ndinkangowasoka ndi ulusi wa nsapato. Ndinachonderera dalaivala wina wa lole kuti akandifunire ku Tete matayala enieni a njinga yotere. Patapita mwezi anabwera nawo, akuda bii, akununkha mphira watsopano, ali ndi timizere tolukana ngati minga ya nsomba. Ndinawaika ndi zigwiriro za masupuni, pang'onopang'ono kuti ndisatsine kamara. Ndinamanga masipoko onse, ndinatsuka tcheni ndi palafini, n'kupopa mpweya mpaka tayala kulira ukaligogoda ndi chala. Tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira chisangalalo chimenecho. Anthu anali kugona pansi pa mitengo ndi ana, ine ndikumwetulira mphira.

Mvula yoyamba itagwa, mayi wina wotola nkhuni anandinong'oneza pachipata cha waya kuti mkazi wanga wagwidwa ndi malungo, thupi likutentha masiku atatu. M'mawa womwewo ndinapatsidwa makalata opita ku Malowera. Ndinapempha mapiritsi kwa namwino wa pa posito, ndikunama kuti ndi anga, ndipo ndinanyamuka.

Kuchokera pamwala wa pamtsinje kukafika kumisasa unali ulendo wa theka la tsiku pansi. Ndikanabisa njinga m'tchire n'kuyenda, makalata akanagona panjira ndipo shefi akanandifunsa. Ndinadziuza kuti ndilibe nthawi. Zoona zake n'zakuti ndinkafunanso kuona mmene matayala atsopano angachitire pa kanjira kakale ka kuminda. Ndinadutsa pamwala paja osatsika, n'kukhotera ku kanjirako. Dothi linali lofewa ndi mvula ya dzulo lake, ndipo njinga inkangouluka. Ndinapalasa mpaka patsinde pa phiri pamene miyala imayambira, n'kuiika paphewa. Pokwera ndinkadzitama mumtima kuti njinga ya alamu sikananyamulika chotere.

Mkazi wanga anali atagona pamphasa pakhomo pa msasa, milomo itauma. Ataona njinga paphewa langa anadzuka n'kukhala tsonga. Sanafunse za mankhwala.

"Mwaipalasa mpaka pati?"

"Ndainyamula kuchokera kumsewu."

Anayang'ana matayala. Matope ofiira anali atamatirira mpaka m'masipoko, ndipo mumsewu waukulu munalibe dothi lofiira. Kenaka anangotenga mapiritsi aja n'kumwa. Alamu anali atapita kukaonera misampha, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti sitinakumane.

Potsika ndi pamene ndinauona mzerewo. Unali umodzi wokha, woonda, wolowa pansi ngati wodula ndi mpeni, ndipo timinga ta nsomba tija tinkaoneka bwinobwino m'matope. Unkachokera kumsewu mpaka patsinde pa phiri popanda kuduka. Ndinathyola nthambi n'kuyamba kukoka, koma nthambi imafufuta pafumbi, pamatope imangosisita. Ndinayesa kuponda ndi mapazi, ndiye ndinkangowonjezera mapazi pamwamba pa mzere. Dzuwa linali litapendeka, makalata ali m'thumba. Ndinayang'ana kumwamba n'kuona mitambo, ndipo ndinati mvula ya usiku idzatsuka zonse. Ndikanabwerera kuphiri kukawauza kuti asamuke tsiku lomwelo, akanasamuka, chifukwa anali atazolowera. Koma ndikanayenera kuimirira pamaso pa alamu ndi apongozi n'kuvomera kuti ankanena zoona. Ndinakwera njinga n'kupita ku Malowera.

Mvula sinagwe usiku umenewo, ngakhale mawa lake. Dzuwa linaumitsa matope aja, mzere n'kulimba ngati wa pa mbiya yowotcha.

Tsiku lachitatu asilikali anatuluka kukayendera msewu, patsogolo pali supayi, mmodzi wa apolisi achikuda a pa posito. Munthu ameneyu anakulira kubusa, ndipo ankatha kudziwa ng'ombe ya mwini poona phazi lake. Za tayala langa sanafunike n'kuwerama komwe. Masana ndili pa posito ndinaona utsi ukukwera kuphiri.

Anawatsitsa madzulo, amayi ndi ana ndi nkhalamba, atawandandalika pamzere. Amuna ambiri anathawa, alamu pamodzi nawo, ndipo sindinawaonenso. Misasa, nkhokwe ndi mbewu zobzala zonse zinatenthedwa. Mkazi wanga anayenda ulendo wonsewo ndi malungo ake, akumukankha ndi mfuti akatsalira. Atalowa m'waya anagwa, amayi n'kumunyamulira m'nyumba ina. Mwana anabadwa mawa lake, nthawi yake isanakwane, ndipo sanalire. Mwana wotero kwathu amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda maliro. Ndinangouzidwa kuti anali wamwamuna. Kumene anamuika sindikudziwa mpaka lero.

Ine ndinkayembekeza kuti andimanga, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma shefi anali wochenjera kuposa pamenepo. Anadziwa bwino kuti ndinamunamiza za mkazi wanga, komabe Loweruka anasonkhanitsa anthu onse pabwalo la mbendera, anandiitana kutsogolo, n'kulankhula kudzera mwa womasulira. Anati uyu ndiye munthu wa boma weniweni, waonetsa njira kuti abale ake apulumuke kutchire. Kenaka anandipatsa makamara awiri atsopano, akadali m'mapepala ake. Apongozi anali kutsogolo kwenikweni. Ndikanatha kuwataya pansi makamarawo. Ndikanatha kunena mawu amodzi. Koma manja anga anali atazolowera zaka zonse za kukhitchini, ndipo ndinalandira ndi manja awiri n'kuweramitsa mutu.

Kuyambira tsiku limenelo palibe anandipatsanso moni m'waya monse. Ndikafika pachitsime nkhani zinkatha. Amayi ankakoka ana awo ndikamadutsa. Ndinayesa kufotokozera aliyense amene akanaima, kuti sindinagulitse munthu, linali tayala chabe, ndinkathamangira mankhwala. Ndazindikira mochedwa kuti kufotokoza kumeneko kunkangowakwiyitsa. Wogulitsa anzake anthu amadziwa pomuika. Chitsiru chimene chinachenjezedwa kawiri n'kusamva, amasowa nacho chochita.

Mkazi wanga anachira patapita milungu itatu. Sankandithamangitsa, koma sankandiyang'ananso. Tsiku lina m'mawa ndinamupeza akupeta mapira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinakhala pansi chapatali n'kuyamba kulumbira kuti shefi ananama, sindinalandire kanthu kuti ndiwaulule. Anandilekerera mpaka ndinamaliza.

"Ndikudziwa kuti simunatigulitse," anatero, maso ali pa lichero. "Mukanatigulitsa bwenzi ndikuti mwina anakumenyani, mwina anakuopsezani ndi mfuti. Ndikanapeza pokukhululukirani. Koma inu palibe anakukakamizani."

Ndinamufunsa kuti tsono nditani.

"Munaona mzerewo potsika?"

Bodza lachiwiri linandikanika. Ndinavomera kuti ndinauona.

Anaika lichero pansi, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi bulangeti langa, malaya anga awiri ndi mpope wa njinga. Anaziika pakhomo bwinobwino, monga amachitira akazi a kwathu mkamwini akatha ntchito pamudzi. Kenaka anatola lichero lake n'kupitiriza kupeta.