Wosoka Nsapato Amene Ankapikisana ndi Dzuwa

Ababa anga, a Friday Alufandika, akhala akusoka nsapato pakhonde la sitolo ya a Mahmud mu Limbe kwa zaka zoposa makumi atatu. Anachoka kwathu ku Tengani, ku Nsanje, pa sitima ali mnyamata, atanyamula mphasa ndi kathumba ka nsomba zouma. Kutentha konse kwa ku Nsanje anabwera nako mumtima. Mtima wapachala ngati umene uja ine sindinauonepo kwina. Kasitomala akangoti, "Mwadulitsatu madala," nsapato ija inkauluka n'kukagwera pamsewu, mwiniwake azikaitola yekha pakati pa maminibasi. Koma ntchito ankaidziwa, abale. Munthu ankatukwanidwa lero, mawa n'kubweranso ndi peyala ina.

Kutchalitchi sankajomba. Lamulungu lililonse, jekete pathupi, mpando wachitatu kuchokera kutsogolo. Koma tikangotuluka, tisanafike n'komwe kunyumba kwathu ku Bangwe, amakhala atakangana kale ndi kondakitala. Amayi ndiwo ankawaziziritsa. Ankangoti, "Bambo a Anastazia, tamwani madzi," ababa n'kukhala pansi. Amayi atamwalira, ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, panalibenso wothira madzi pamotopo.

Ababa anali ndi chikhulupiriro chawo china chimene sichinachokere kwa ansembe. Ankati nkhope ya munthu imanama, koma nsapato sinama. Waulesi, wakuba, woyendayenda, onse ankati amawadziwira ku chidendene.

Ndiye kunabwera a Davie, amuna angawa, kudzaonekera kwathu pamodzi ndi amalume awo. A Davie ndi mesenjala pa ofesi ina m'tauni ya Blantyre, munthu wofatsa moti nthawi zina amandinyansa. Alendo anavula nsapato pakhomo n'kulowa. Moni asanathe n'komwe, ababa anadzuka, n'kukatola nsapato imodzi, n'kuitembenuza alendo akuona. Chidendene chinali chitadyeka mbali imodzi, pansi pali chibowo chotseka ndi katoni.

"Iyi ndi ya ndani?" anafunsa.

A Davie anayankha motsitsa mawu kuti ndi yawo.

"Munthu wolephera kusamala chinthu chimene amapondapo tsiku ndi tsiku, akasamala mwana wanga?"

Nsapato ija inadumpha mpanda n'kukagwera m'chimanga cha aneba. Ine ndine mwana wa a Friday, magazi ake ndi omwewo. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Ababa, mwasoka nsapato za Limbe yense, koma pakamwa panupo mwasowa wokusokani." Iwo anandiloza chala nati, "Ukatsatira nsapato imeneyo, usadzapondenso pakhomo pano." Ndinaitsatiradi. Ndinakaitola ndekha m'chimangamo. Ukwati anatiimirira ndi amalume anga, tinapeza nyumba ya lendi ku Chigumula, ndipo kwa zaka zisanu ababa ndi ine sitinapatsanepo ngakhale moni.

Chaka chachisanu chija ndi pamene mayi Alefa anayamba kundibweretsera nkhani. Iwo ndi aneba athu ku Chigumula, koma amagulitsa nthochi pafupi ndi khonde la ababa.

"Iwe Anastazia, bambo ako kaya apenga kaya atembenuka mtima, ine sindikudziwa," anatero tsiku lina.

Akuti pa mapemphero a mphakati ku Bangwe munthu wina anawerenga mawu a m'Baibulo aja onena kuti munthu akakwiya, mkwiyowo authetse dzuwa lisanalowe. Ababa kuwerenga kumawavuta, ndiye anakweza dzanja kuti awerengenso. Atawerenganso anafunsa, "Ndiye kuti kukwiyako sanaletse?" Anawayankha kuti sanaletse, koma anaika malire. Ababa anagwedeza mutu nati limenelo ndiye lamulo lomveka, lili ndi nthawi yake ngati nsapato imene mwiniwake wati aitenga faifi koloko.

Kuyambira m'mawa mwake, aliyense amene amukalipira ankamufunafuna kuti amupepese lisanalowe dzuwa. Ikamakwana folo koloko ankalongedza zida, n'kuyamba kuzungulira Limbe. Woitanira minibasi wina atawaona akubwera anathawa, kuyesa abwera kudzamaliza ndewu, ababa n'kumamuthamangira pambuyo akufuula, "Taima ndikupepese, chitsiru iwe!" Atamupeza anachita kupepesa kawiri. A Mahmud anapepesedwa kangapo mpaka anawapempha kuti azingosonkhanitsa za sabata yonse, koma ababa anakana, ati malamulo si awo. Masiku a chiperoni, mitambo ikaphimba kumwamba, ankayamba kupepesa thiri koloko poopa kuti dzuwa lingalowe mobisala.

Ndipo mkwiyo unayambadi kuchepa. Mayi Alefa akuti poyamba miyendo ndiyo inawaphunzitsa. Kasitomala akawaputa, ababa ankayamba afunsa, "Kodi achimwene mumakhala kuti?" Akamva kuti ku Chilomoni kapena ku Chirimba, ankameza mawu, poganiza za ulendo wake. Kenaka kumezako kunasanduka chizolowezi. Anthu anayamba kumakhala pabenchi pawo kumacheza, ena mpaka kubweretsa milandu ya m'mabanja kuti madala awalangize. Madala ake ati? A Friday Alufandika!

Poyamba ndinkaseka. Kenaka kusekako kunasanduka kuwawa. Chaka chinatha, china n'kutha, ababa akupepesa makondakitala ndi ogulitsa matumba, ine mwana wawo mmodzi yekhayo ayi. A Davie ankangoti, "Apatseni nthawi, mayi." Nthawi yanji? Zaka zisanu ndi ziwiri si nthawi? Ndinkafuna bambo anga, ndinene chilungamo, ndipo ndinkadana nawo chifukwa chowafunacho.

Lachinayi lina mwezi wa Juni ndinakwera minibasi masana n'kukatsikira mu Limbe. Ndinawapeza atawerama pa nsapato ya sukulu, imvi mbuu, magalasi atawamangirira ndi ulusi wawo wosokera womwewo. Anakalamba, ndipo zinandipweteka, koma sindinapereke moni.

"Ndamva kuti mwasanduka woyera," ndinatero. "Mumapepesa Limbe yense. Nanga ine ndine galu?"

Anadzutsa mutu, singano ili m'manja. Kenaka anaweramanso n'kupitiriza kusoka. Anthu anayamba kusonkhana, mayi Alefa akundikodola kuti ndisiye. Ine kusiya? Ndinapitiriza mpaka ndinanena mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Ndinati, "Amayi anafa ndi pakamwa panupo."

Ha! Nyundo inamenya simenti. Ababa anaimirira, benchi n'kugubuduka, ndipo anandisambitsa chokweza m'Chisena chenicheni cha ku Tengani, chimene theka la anthu aja silinamve, mwamwayi. Anamaliza ndi kundiuza kuti ndichoke pamaso pawo. Ndinachoka ndikudzitama kuti ndawavula, kutembenuka mtima konse kuja kunali kwa pamaso pa anthu. Koma minibasi isanadutse Kanjedza ndinali ndikulira ngati mwana.

Madzulo ake, cha m'ma faifi, ndinali kuseri ndikuanula zovala. Dzuwa la mu Juni silichedwa, linali litakhala kale pamwamba pa phiri la Soche. Ndinaona munthu wamkulu akubwera m'kanjira ka pakati pa mapesi, chikwama paphewa, akuthamanga chotsimphina, uku akucheukira kumadzulo. Anali ababa, ndipo nyumba yathu sankaidziwa. Minibasi inachedwa kudzaza, anatsikira pamsika wa Chigumula, n'kumafunsa khomo ndi khomo za mwana wa wosoka nsapato wa ku Limbe.

Anafika ali wefuwefu, osapereka n'komwe moni.

"Lalowa?"

"Silinalowe," ndinayankha.

Ananjuta pafupi ndi beseni langa la zovala, navula chipewa. "Anastazia, masana ndakutukwana. Ndalakwa. Undikhululukire."

"Za lero zokha?"

Ababa anapukusa mutu. "Zinazo dzuwa linalowa nazo kalekale, mwananga. Tsiku lomwe ndinamva mawu aja, munthu woyamba kumuganizira unali iwe. Ndinawerenga zaka, ndinapeza zisanu. Ndinati apa ndiye ndinachedwa, madzi akatayika saoleka. Ndikamapepesa anthu enawo, mumtima ndimakhala ndikupepesa iwe. Ndakhala ndikupempha Mulungu kuti anditsegulire kanjira. Sindinkadziwa kuti atumiza iwe amene kuti udzandipute."

Abale inu, zaka ziwiri zathunthu munthu kumazunzika chifukwa choganiza kuti Mulungu amatseka ofesi dzuwa likalowa! Ndinafuna kuwakalipira, ndinafunanso kuwakumbatira. Kenaka ndinakumbukira kuti inenso dzuwa linandilowera zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ine kuwerenga ndimatha bwinobwino. Ndinagwada n'kuyamba kufotokoza za mawu aja okhudza amayi, kuti sindinatanthauze, kuti unali mkwiyo chabe, kuti chakuti chakuti.

"Fulumira iwe," anatero ababa akuloza ku Soche, "latsala pang'ono."

"Ndalakwa, ababa. Mundikhululukire."

Tinaseka misozi ili mbwembwembwe, dzuwa n'kulowa.

Nthawi yomweyo a Davie anatulukira kuchokera kuntchito. Ataona mlendoyo anaima chilili, kenaka anawomba m'manja mwaulemu nati, "Takulandirani, ababa." Ababa analephera kuwayang'ana kumaso. Maso awo anapita kumene amapita nthawi zonse, kumapazi. Nanenso ndinayang'ana komweko. Nsapato za a Davie zinali ndi matenda omwe aja, fumbi lokhalokha, chidendene chodyeka mbali imodzi.

"Akamwini," anatero ababa, "kodi patsiku mumayenda mtunda wotani?"

A Davie anafotokoza kuti makalata a kuofesi amawayendetsa wapansi, kuchokera m'tauni kukafika ku Ginnery Corner n'kubwerera, nthawi zina kawiri, ndipo madzulo amatsikira patali kuti minibasi itchipe.

"Takhalani pampandopo."

A Davie atakhala, ababa anga, munthu wa imvi, anagwada pansi pamaso pa mkamwini wawo n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. A Davie anadzidzimuka. "Ababa, chonde ayi, ndivula ndekha." Koma iwo anagwira mwendowo mwamphamvu, navula imodzi, navulanso inayo. Anaitembenuza, nayendetsa chala pa chidendene chija.

"Iyi ndi nsapato ya munthu wogwira ntchito," anatero. "Zaka zonsezi ndikuwerenga nsapato za anthu, yanuyi ndinaiwerenga molakwa. Mundikhululukire, akamwini."

A Davie, munthu amene sindinamuonepo akulira ngakhale pa maliro a amalume awo, anabisa nkhope m'manja.

Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha munthu amene anawerenga mawu aja ku mphakati, ngakhale dzina lake sindilidziwa. Ndimathokoza chifukwa cha bambo wosaphunzira amene anamva mzere umodzi wokha n'kuutsatira ndi miyendo yake, pamene ine ndili ndi Baibulo lonse pamutu pa bedi. Mkwiyo sunawathere, ayi. Mpaka lero amakalipa, inenso chimodzimodzi. Koma tsopano kwathu folo koloko ikakwana timayamba kuyang'anana.

Tsiku limenelo ababa anatsegula chikwama chawo pakhonde pathu pomwepo, natulutsa singano, ulusi, guluu ndi kachidutswa ka tayala. Kunali kutayamba kachisisira, ndiye ndinawaunikira ndi tochi ya foni. Chifukwa cha chimwemwe maso anga anali pa ababa, kuwala kumangopita uku ndi uku.

"Gwira bwino tochiyo iwe! Ukuunikira kudenga, kuli nsapato kumeneko?" anakalipa.

Kenaka anaima, singano ili m'mwamba, natsegula pakamwa kuti apepese.

"Ayi, ababa, musapepese," ndinawatsekereza. "Imeneyo musunge. Mubwere nayo mawa, dzuwa lisanalowe."

Anabweradi, hafu pasiti folo, atanyamula ndi polishi yemwe.